Pepala Limene Sindinapereke

Ndine uja ndinkanyamula chikwama chakuda
kumbuyo kwa a Mukhuna pa nsanja,
amene pa zithunzi munkamuona theka la nkhope,
khutu limodzi ndi phewa.
Zolankhula zawo ndinkalemba ine, usiku, pa bondo,
galimoto ikudumpha mabampu a pa Luchenza,
ndipo mawu aja oti "mvula ya aliyense",
amene munavina nawo ku Limbuli mpaka fumbi koboo,
ndinawatola pakamwa pa mayi wogulitsa nanazi.
Sindinamulipire.

Tinachita lendi nyumba pa Chitakale
n'kuitcha likulu lowerengera mavoti athu.
Malaputopu asanu ndi awiri, jenereta yotsokomola,
ndi Fyson, mnyamata wa zala zowonda
amene ankalumbira kuti makinawa ngokhoma ngati banki.
Mawu achinsinsi olowera ndinasankha ndine:
Elube, dzina la mwana wanga, ndi chaka chomwe anabadwa.
Ndinawalemba kuseri kwa khadi la mayunitsi
poopa kuiwala.

Kutatsala masabata awiri pa foni panagwa uthenga,
waulemu, wa chidindo chake,
wakuti dinani apa mutsimikize kuti ndinudi.
Ndinali ndi njala, tchipisi chikuzizira m'jumbo.
Ndinadina.

Pofika Lachisanu mawu anga anali m'minibasi iliyonse
kuchokera ku Muloza mpaka ku Bvumbwe:
ine ndikuseka chikhakhali,
ndikuti othyola tiyi savuta, mchere ndi tisheti basi.
Ndinanenadi.
Palibe makina amene anandiikira zimenezo m'kamwa.

Usiku wowerenga chiperoni chinatsika molawirira,
phiri lonse linasowa ngati silinakhalepo.
Cha m'ma leveni tinali patsogolo.
Wina anathamanga kukagula mbuzi.
Kenako magetsi anazima, jenereta inakana kawiri,
ndipo makina atayakanso
manambala anayamba kuyenda chafutambuyo
ine ndikuona ndi maso angawa,
naini kusanduka folo,
ziro kugweluka kumapeto ngati dzino la mwana.
Ndinaitana Fyson.
Mpando wake unali ukadali wofunda.

Anatibera?
Pa wailesi ndinati eya, mawu akunjenjemera bwinobwino.
Kwa maloya ndinati eya, masamba makumi asanu ndi limodzi.
A Mukhuna anandigwira dzanja akuyang'ana wotchi,
nakwera ndege kukapumula.
Foni yawo mpaka lero imati yesaninso nthawi ina.

Koma pali pepala limodzi limene sindinapereke.
Ndi la pasukulu ya kwathu, kuseri kwa esiteti,
kumene anawerenga pamanja, pa kuwala kwa tochi,
amalume anga enieni ali maso a chipani.
Kumeneko kulibe netiweki ngakhale ukwere pachulu.
Ovota mazana asanu ndi limodzi.
Athu: makumi anayi ndi mmodzi.
Amalume anasaina ndi dzanja lawo lopindika lija,
ndikulidziwa, ndilo linkasainira malipoti anga a kusukulu.

Ndimalisunga m'Baibulo, pa buku la Numeri,
si nthabwala, ndi pamene linangotsegukira.

Pano ndili ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi msika.
Ndimachulukitsira anthu ziphaso ndi makalata ofunsira ntchito.
Fyson anadutsapo kamodzi pa galimoto ya magalasi akuda,
anaimba hutala, kaya moni, kaya panali njinga kutsogolo.
Nsalu za nkhope ya a Mukhuna
akuvundikira nthochi kuti zipse msanga.
Mbuzi ija sitinaiphe. Yaswa kawiri.

Mchemwali wanga Esinala amathyolabe tiyi,
dengu kumsana, zala zakuda ndi utomoni wa masamba.
Sitinakambepo za tsiku lija.
Koma mwezi watha, ndikumuperekeza pa siteji,
anaima n'kukonza duku lake, maso ali kuphiri,
nati, "Achimwene, mchere uja unatha kalekale,"
n'kukwera kabaza
osadikira kuti ndimulipirire.